Sitolo ya ku Kamwala yogulitsa majezi a Zanaco ndi mayina a osewera ake

Aliyense amene anayendapo m'masitolo a ku Kamwala, kapena pakati pa ogulitsa salaula ku msika wa Soweto, akudziwa kuti mu Lusaka jezi ya Arsenal, ya Manchester United kapena ya Real Madrid imapezeka pakhomo lililonse, pamene wofuna jezi ya timu ya mumzinda muno ayenera kufunsa kambirimbiri asanalozeredwe kumene ili. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa matimu a mu Lusaka ali ndi mbiri yoyenera kuvalidwa pachifuwa. City of Lusaka inatenga chikho cha ligi mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, Green Buffaloes inachitenga maulendo 6 pakati pa 1973 ndi 1981, ndipo Zanaco yachitenga maulendo 7. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba za sitolo ina yaing'ono ya ku Kamwala imene mwiniwake anasankha kugulitsa majezi a matimu akwathu okhaokha, makamaka a Zanaco, ndiponso kusindikiza pamsana pa majeziwo mayina a osewera akale ndi atsopano. Maganizo anga ndi akuti munthu wokonda mpira sangataye ndalama zake akagula m'sitoloyi, ngakhale ili ndi zofooka zimene ndizitchula mosabisa, ndipo chimene chimaiposetsa masitolo oyandikana nayo ndi mmene mwiniwake amawadziwira osewera amene mayina awo amawasindikiza.

Sitoloyi ili pakati pa ogulitsa zitenje ndi ziwiya za m'nyumba, ndipo ndi yopapatiza moti anthu ochepa akalowa nthawi imodzi, wobwera pambuyo amayembekezera pakhomo. Kudzanja lamanja kuli majezi okolekedwa motsatira kukula kwake, ofiira ndi oyera monga mmene mitundu ya Zanaco ilili, ndipo pakona pali majezi ochepa a City of Lusaka a mizere yakuda ndi yoyera, a Green Buffaloes ndi a Red Arrows. Kuseri kwa kauntala kuli makina otentha osindikizira mayina ndi manambala. Khoma lonse la kumanzere ladzaza ndi zithunzi zodulidwa m'nyuzipepala, zina zili m'mafelemu ndipo zina zangomatidwa, zonse zoikidwa motsatira zaka kuchokera pakhomo kulowera mkati. Mwiniwake ndi bambo wachikulire amene ogula ambiri amangowatcha kuti amdala, ndipo anayamba kuchemerera Zanaco timuyi isanatengepo chikho cha ligi n'kamodzi komwe.

Majezi alipo a mitundu iwiri, ndipo chinthu choyamba chimene ndinayamikira n'chakuti amdalawo amauza wogula kusiyana kwake asanafunsidwe. Pali majezi enieni a nyengo ino, amene nsalu yake ndi yopepuka, yokhala ndi timabowo tolowetsa mpweya m'mbali, ndipo thukuta limaumapo msanga ngakhale m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Palinso malaya okumbukira zaka zakale, osokedwa ndi matelala a mu Lusaka momwemo potsanzira mitundu ndi makolala a majezi a m'zithunzi. Malaya amenewa sakhala ndi chizindikiro cha timu pachifuwa, chifukwa amdalawo amanena kuti chizindikirocho ndi katundu wa kalabu ndipo iwo sangachisoke popanda chilolezo. Khalidwe lotere silipezeka kawirikawiri pa malonda a majezi, pamene ambiri amagulitsa chachinyengo n'kulumbira kuti n'chenicheni. Mtengo wa jezi yeniyeni ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri mtengo wa malaya osokedwawo, ndipo munthu akhoza kunenerera pa malayawo, koma pa jezi yeniyeni amdalawo satsitsa. Ine ndinagula za mitundu yonse iwiri. Jezi yeniyeni yachapidwa kambirimbiri koma kufiira kwake sikunasuluke ndipo kolala yake sinatanuke. Malaya osokedwawo ali ndi misoko yolimba, koma nsalu yake ndi yolemera ndipo imasunga kutentha, choncho ndi abwino kuvala kukazizira kusiyana ndi kukhala nawo padzuwa la masana ku Sunset Stadium, bwalo la Zanaco.

Ntchito imene imakopa anthu ambiri ndi yosindikiza mayina, ndipo apa ndi pamene sitoloyi imasiyaniratu ndi zinzake. Pakauntala pali kope lalikulu lolembedwa pamanja, ndipo chaka chilichonse chili ndi masamba ake a mayina a osewera ndi aphunzitsi. Wogula akatchula chaka, amdalawo amatsegula tsamba lake n'kuyamba kufotokoza kuti uyu ankasewera pati, anachokera ku timu iti ndipo anapita kuti. Amayambira pa chiyambi chenicheni, kuti Zanaco ndi timu ya Zambia National Commercial Bank, banki imene inakhazikitsidwa mu 1969, ndiponso kuti inayamba ngati timu ya antchito a bankiyo amene ankangosewera pocheza akaweruka, isanakule n'kufika polimbana ndi matimu a migodi.

Mfundo imene amdalawo amaibwereza kwa achinyamata, ndipo inenso ndikuona kuti ndi yofunika koposa pa mbiri ya timuyi, ndi ya zaka zimene likulu la dziko linakhala lopanda chikho. Kuchokera pamene Green Buffaloes inatenga ligi mu 1981, chikhocho chinachoka mu Lusaka kwa zaka 20 zathunthu. Chinkangozungulira pakati pa Nkana ndi Power Dynamos za ku Kitwe, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ya ku Chingola ndi Kabwe Warriors, moti mwana wobadwira ku Matero kapena ku Chilenje m'zaka zimenezo ankakula akuganiza kuti mpira weniweni uli ku Copperbelt kokha. Zanaco ndi imene inachibweza mu 2002, n'kuchitenganso mu 2003, mu 2005 ndi mu 2006, ndipo popeza cha 2004 chinapita kwa Red Arrows, kwa zaka zisanu zotsatizana chikho sichinatuluke mu Lusaka. Amdalawo sanena kuti zonsezi zinachitika chifukwa cha luso lokha. Amafotokoza kuti migodi ya ZCCM, kampani ya boma ya migodi ya kopa, itagulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka mu 2000, matimu ambiri amene ankadalira migodiyo anasowa thandizo limene anazolowera, ndipo matimu okhala ndi mabungwe olimba kumbuyo kwawo, monga banki kapena kampani ya magetsi, anayamba kukopa osewera abwino chifukwa malipiro ankabwera pa nthawi yake. Kufotokoza kumeneku n'koona, ndipo ndinakondwa kukumva kuchokera kwa munthu wokonda timu yake, chifukwa wochemerera wina akanangonena kuti anyamata ake anali akatswiri basi.

Dzina limene amdalawo amalilemekeza kuposa ena onse ndi la Mumamba Numba, ndipo zithunzi zake zili m'magawo awiri a khomalo, poyamba ali wosewera wapakati ndipo kenako ali mphunzitsi. Numba anasewerera Zanaco ndi timu ya dziko, ndipo atasiya kusewera anaphunzitsa timu yomweyo mpaka kuitengetsa ligi mu 2016. Pambuyo pake anapita ku ZESCO United ya ku Ndola, kumene anatenganso ligi mu nyengo ya 2020 mpaka 2021. Pafupi ndi zithunzi zakezo pali chithunzi cha manda a ku Heroes' Acre, pambali pa Independence Stadium, pamene anaikidwa anthu amene anafa pa ngozi ya ndege ya pa 27 Epulo 1993 m'nyanja ya kufupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu 30 anafa pa ngoziyo, ndipo 18 mwa iwo anali osewera a timu ya dziko la Zambia, kuphatikizapo Numba Mwila, mchimwene wake wa Mumamba Numba. Amdalawo safotokoza zambiri pa chithunzi chimenechi, koma kuikidwa kwake pamalo amenewo kumathandiza wachinyamata kuona kuti mbiri ya kalabu ndi mbiri ya Chipolopolo, timu ya dziko, ndi zolukanalukana.

Masamba a 2009 ndi amene ine ndinachedwapo kwambiri. Chaka chimenecho timu inatenga ligi ikuphunzitsidwa ndi Wedson Nyirenda, amene pambuyo pake anadzaphunzitsa timu ya dziko kuyambira mu 2016. Kumayambiriro kwa chaka cha 2009 Zanaco inali ndi Given Singuluma, amene anagoletsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense pa mpikisano woyamba wa CHAN, wa matimu a mayiko a mu Africa ogwiritsa ntchito osewera a m'maligi akwawo okha, ku Côte d'Ivoire mu 2009, pamene Zambia inamaliza pa nambala 3, ndipo kenako anapita ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi. Stoppila Sunzu nayenso anadutsa ku Zanaco asanapite ku Mazembe komweko. Amdalawo amakonda kufunsa ogula kuti atchule anthu amene anamenya mapenate pa fainolo ya ku Libreville pa 12 Febuluwale 2012, pamene Zambia inagonjetsa Côte d'Ivoire 8 kwa 7 n'kutenga chikho cha Africa. Ambiri amakumbukira Sunzu chifukwa ndi amene anamwetsa penate yomaliza, koma ochepa amadziwa kuti Chisamba Lungu, amene anamwetsanso yake usiku umenewo, anavalapo jezi ya Zanaco asanapite kunja, ndiponso kuti Isaac Chansa anadzavala jezi yomweyo patapita zaka. Ndinasankha dzina la Sunzu pa malaya anga osokedwa chifukwa cha zimenezi, ndipo amdalawo anandifunsa ngati ndikufuna nambala kapena dzina lokha, popeza lamulo lawo ndi lakuti sasindikiza nambala pansi pa dzina la wosewera wakale pokhapokha ili m'kope lawo kapena ikuoneka pa chithunzi.

Dzina limene limagulidwa kwambiri ndi la Fashion Sakala, ndipo n'zosadabwitsa kwa ife amene kwathu ndi ku Chipata, ku Katete kapena ku Chadiza, chifukwa Sakala ndi mwana wa kum'mawa, wobadwa mu 1997. Makolo ambiri amabwera ndi ana awo kudzafuna dzina limeneli. Chimene ndinayamikira n'chakuti amdalawo sakokomeza gawo la Zanaco pa moyo wa mnyamatayu. Amanena poyera kuti anachokera ku Nchanga Rangers, anakhala ku Sunset kwa nthawi yochepa m'chaka cha ligi ya 2016, ndipo kumayambiriro kwa 2017 anapita ku Spartak Moscow. Chaka chomwecho anali m'gulu la anyamata osapitirira zaka 20 amene anatenga chikho cha Africa pa National Heroes Stadium muno mu Lusaka atagonjetsa Senegal 2 kwa 0, n'kukafikanso mu kotafainolo ya chikho cha dziko lonse ku South Korea. Kuchokera ku Russia anapita ku Oostende ya ku Belgium, kenako ku Rangers ya ku Glasgow mu 2021, kumene anamwetsa zigoli zitatu pa masewera amodzi olimbana ndi Motherwell, ndipo mu 2023 anapita ku Al-Fayha ya ku Saudi Arabia. Ndinaona agogo ena akugulira mdzukulu wawo jezi ya dzina limeneli, ndipo amdalawo anamuuza mwanayo kuti aloze pa khoma pamene pali chithunzi cha Sakala ali wochepa thupi mu jezi yofiira, kuti adziwe kuti munthu amene amamuona pa TV anayambira pa mabwalo omwewa.

Gawo la khoma lokonzedwa bwino koposa ndi la 2017, chaka chimene Zanaco inalowa m'magulu a CAF Champions League itatulutsa Young Africans ya ku Tanzania. Gulu lake linali lovuta, chifukwa munali Al Ahly ya ku Egypt, Wydad Casablanca ya ku Morocco ndi Coton Sport ya ku Cameroon. Zanaco inalepherana ndi Al Ahly popanda chigoli kwawo ndi kuno, inagonjetsa Wydad kuno kwathu, ndipo inamaliza ndi mapointi 11, ofanana ndi a Al Ahly, koma inatsala pa nambala 3 n'kutuluka. Kukula kwa ntchito imene anyamatawo anagwira kumaoneka munthu akakumbukira kuti matimu awiri amene anaipitirira m'gululo ndi omwe anadzakumana mu fainolo, Wydad n'kutenga chikho. Pa zithunzi za chaka chimenecho pali Ziyo Tembo, wotchinga kumbuyo amene anali kapitawo wa timu, goloboyi Toaster Nsabata, ndi Augustine Mulenga, amene kumayambiriro kwa 2018 anapita ku Orlando Pirates ya ku South Africa. Kwa ine timu imeneyi ndi imene inayandikira kwambiri kukweza dzina la Lusaka pa mpira wa Africa, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti mayina a Tembo ndi Nsabata sagulidwa kawirikawiri, popeza ogula amathamangira omwetsa zigoli ndipo amaiwala amene anatseka khomo pamaso pa Al Ahly. Khomalo limathera pa nyengo ya 2019 mpaka 2020, pamene timu inafika mu kotafainolo ya CAF Confederation Cup n'kutulutsidwa ndi Pyramids ya ku Egypt. M'nyengo zotsatira ligi ya 2016, chikho cha dziko chinapita ku ZESCO United, ku Nkana, ku Red Arrows ndi ku Power Dynamos, ndipo amdalawo amazitchula zimenezi popanda kunyoza matimu amenewo.

Zofooka za sitoloyi zilipo, ndipo zina n'zazikulu. Choyamba, chidziwitso chonse chimene ndafotokozachi chili m'mutu mwa munthu mmodzi ndi m'kope limodzi. Amdalawo akachoka, pakauntala pamatsala mnyamata wothandiza amene ndi waulemu ndipo amadziwa kuyendetsa makina, koma sangayankhe funso lililonse la mbiri, ndipo zithunzi zambiri za pakhoma zilibe mawu ofotokoza chaka, malo kapena mayina a anthu amene alipo. Wobwera pa tsiku loterolo amangoona nkhope za anthu osawadziwa n'kutuluka ndi jezi monga mmene akanatulukira m'sitolo ina iliyonse. Zithunzi za pafupi ndi khomo, zimene ndi zakale kwambiri komanso zosowa, ndi zimene zikusuluka ndi dzuwa la masana, ndipo zina zayamba kale kutuwa moti nkhope sizikuzindikirika bwino. Ntchito yozijambula ndi foni n'kuzisunga pa kompyuta, kapena yongolemba timapepala tofotokoza pansi pa chithunzi chilichonse, si yodula, ndipo ikachedwa zinthu zina zidzatayika osabwereranso.

Chachiwiri ndi kusindikiza kwenikweniko. Zilembo za pa jezi yanga yeniyeni zinamata bwino ndipo zili chimodzimodzi mpaka pano, koma pa malaya osokedwa chilembo chimodzi chinayamba kumatuka m'mphepete nditachapa maulendo ochepa, zimene zikusonyeza kuti kutentha kwa makina sikusinthidwa mogwirizana ndi kulemera kwa nsalu. Nditabwerera nawo, anakonza popanda kundilipiritsa ndiponso popanda kutsutsa, ndipo zimenezo n'zoyamikirika, koma munthu wochokera ku Chelstone kapena ku Kanyama amakhala atawononga ndalama ya minibasi ndi nthawi yake. Nthawi imene amalonjeza nayonso sisungidwa nthawi zonse. Magetsi akazima makina amaima, ndipo sitoloyi ilibe njira ina yowayendetsera, choncho ntchito yolonjezedwa masana ikhoza kutha mawa lake. Risiti saipereka pokhapokha wogula aifunse, zimene si zabwino pa malonda amene munthu amalipira kaye n'kudzatenga katundu pambuyo.

Chachitatu ndi kuchepa kwa masaizi. Majezi a ana aang'ono amatha msanga, a anthu onenepa kwambiri ndi ochepa, ndipo palibe osokedwa molingana ndi thupi la amayi, ngakhale kuti amayi ambiri amapita ku mabwalo masiku ano. Pa khoma lonse palibenso chithunzi cha mpira wa amayi, pamene Green Buffaloes ya amayi, imene Barbra Banda anasewererapo asanapite kunja, ndi timu ya mu Lusaka momwemuno. Sitolo imene imadzipereka pa mbiri ya matimu a mumzinda uno siyenera kusiya gawo limeneli, ndipo ndikukhulupirira kuti dzina la Banda likanagulidwa mofanana ndi la Sakala. Mbali ya City of Lusaka nayonso ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ukalamba wa timuyo ndi chikondi chimene anthu a ku Woodlands Stadium ali nacho pa timuyo, imene amaitcha City Ya Moto.

Pa kasamalidwe ka ogula ndilibe dandaulo. Amdalawo amalankhula Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi molingana ndi amene walowa, amalemekeza achikulire ndi ana mofanana, ndipo sakakamiza munthu kugula ngakhale atacheza naye kwa nthawi yaitali. Amalola kuyesa jezi pamwamba pa malaya popeza mulibe chipinda chosinthira, ndipo amalandira ndalama za pamanja komanso za pa foni. Dzina lisanasindikizidwe amalilemba kaye papepala kuti wogula aone kalembedwe kake, chifukwa jezi yosindikizidwa kale sabweza. Wofuna kupindula mokwanira apite m'mawa mkati mwa sabata, pamene amdalawo amakhalapo ndipo anthu ndi ochepa, chifukwa Loweruka la masewera sitolo imadzaza ndipo kope silitsegulidwa n'komwe. Afunse risiti, avomereze kudzatenga jezi yake tsiku lotsatira, ndipo ngati wasankha malaya osokedwa awachape atawatembenuza, m'madzi ozizira, ndipo asasite pamwamba pa zilembo.